Mtengo wotsata Yesu tiziuwerengera

Zikomo abusa polemba kuti kutsata Yesu kuli ndi mtengo wake. Pa Luka 14:28 Ambuye akuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera ndalama, koma ambirife timakonda mavesi a madalitso okha.

Kwathu ku Area 25 kuli mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi. Lachinayi masana amatseka benchi, n'kupita ndi anzake a Chigwirizano kukazonda odwala ku Kamuzu Central, phala lili m'fulasiki. Tsiku limenelo ndalama ya ndiwo imaperewera, ana amadyera bonya, koma sadandaula.

Ine ndili pa ntchito yolandira pamwezi, komabe ola limodzi lokha ndimati ndatanganidwa. Zandilasa mtima kwambiri. Ndapempha kale kuti Lachinayi likubwerali ndiweruke msanga, ndipite nawo.