Makina atsopano sakhazikika pamene antchito amaopa kufunsa

Ndagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Graniteside, dera la mafakitale mu Harare ku Zimbabwe, kwa zaka zingapo, ndipo ndafika pokhulupirira kuti tsogolo la makina atsopano pa malo a ntchito limadziwika makinawo asanatsitsidwe n'komwe m'galimoto, pongoona kuti ndani amene ali ndi ufulu wofunsa funso pamalopo.

Kampani yathu itagula pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera katundu, amene adatumizidwa ku maphunziro ku hotela anali mabwana okhaokha, ndipo mwa iwo munalibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira katundu pa geti. Atabwerako, pasiwedi idapatsidwa kwa munthu mmodzi, moti tsiku limene iyeyo adadwala tonse tidabwerera ku buku lathu lakale lija. Kalaliki wina wachinyamata, amene ankaidziwa pulogalamuyo kuposa tonsefe, adaona kuti katundu wina akulembedwa kawiri, koma adakhala chete kwa nthawi yaitali, chifukwa ganizo la wantchito wamng'ono limayenera kudutsa kwa kapitawo, kenaka kwa manijala, ndipo pomafika pamwamba limakhala litasanduka mwano. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komatu m'makampani athu ambiri wofunsa ndiye amene amatchedwa mbuli pamaso pa anzake.

Taonani zimene zidachitika ndi EcoCash, njira yotumizira ndi kulandira ndalama pa foni imene kampani ya mafoni ya Econet idakhazikitsa mu 2011. Amayi ogulitsa matimati ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, sadapite ku hotela iliyonse kukaphunzira, koma lero amalandira ndalama pa foni mwaluso kuposa ena a ife ovala mataye. Adaphunzira chifukwa pamsika munthu amafunsa mnzake wa pa benchi loyandikana popanda manyazi, amalakwitsa, amasekedwa pang'ono, ndipo mawa lake amakhoza. Momwemonso pamene ndalama yatsopano ya dziko la Zimbabwe yotchedwa ZiG inkayamba mu Epulo 2024, ogulitsa m'misewu adasintha mitengo yawo mwamsanga pamene maofesi ena ankadikirabe kalata yochokera kwa bwana.

Sindikufuna kungodzudzula anthu amene amabisa nzeru, chifukwa khalidwe limeneli lili ndi gwero lake. Makolo athu ambiri amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale a kuno ankadziwa kuti ntchito ikatha, nyumba ya ku komboni nayonso yapita, ndipo kwawo kunali kutali. Munthu wotero ankasunga luso lake ngati mbewu ya chaka cha mawa. Lero lino ntchito zolembedwa n'zosowa kwambiri mu Harare, choncho kapitawo wachikulire akaona kompyuta ikubwera pamodzi ndi mnyamata wa satifiketi, amamva ngati akuuzidwa kuti aphunzitse yekha munthu womulowa m'malo. Palibe amene angagawe nzeru zake mokondwa pamene sakudziwa ngati mwezi wa mawa adzakhalapobe, ndipo mabwana amene amanyalanyaza mantha amenewa amangowononga ndalama zawo.

Ndalama zophunzitsira antchito zilipo ndithu, popeza olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro onse a antchito awo ku ZIMDEF, thumba la boma lothandizira maphunziro a ntchito, koma ndalama sizichotsa mantha. Ku mafakitale a Toyota, wantchito wamba ali ndi chilolezo chokoka chingwe chimene chingaimitse mzere wonse wopangira magalimoto akaona cholakwika, ndipo kapitawo amathamangira kukamuthandiza m'malo momukalipira. Ife sitikusowa chingwe, koma bwana amene angaime pamaso pa antchito n'kunena kuti pulogalamuyo nayenso yamuvuta, kenaka n'kukhala pansi pafupi ndi kalaliki uja kuti amuonetse pamene katundu ankalembedwa kawiri.