Zipikisheni za pa njira ya ku Joni zanditopetsa

Ife a ku Mangochi timapita ku Joni ngati kumunda, koma njira yake imandiwawa mumtima. Kuchokera pa Mwanza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, basi imangoimitsidwa. Pasipoti adinda kale pachipata, zonse zili m'malo, komabe mukangoyenda pang'ono: tsikani nonse, tsitsani katundu!

Mayi wina wa ku Namwera anamumasulitsa thumba la usipa wouma pakati pa usiku, wapolisi n'kupisamo dzanja mpaka pansi, mwana akulira kumsana. Usipa wonse unanyenyeka. Ankafunamo chiyani? Ukafunsa, amakuimika pambali mpaka dalaivala ayambe kuliza hutala.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti uli pamzere padzuwa, miyendo itatupa, wailesi ya boma la dziko limene tikudutsamolo ili kalikiliki kutamanda mtsogoleri wawo kuti wabweretsa mtendere ndi chitukuko. Chithunzi chake chili pakhoma, pamsewu, ngakhale pansalu. Eni dziko amene tinali nawo m'basi ankangozyolika, ndipo bambo wina anandikodola kuti nditsitse mawu. Tikiti ndalipira ndekha, mlandu ndilibe, nanga ndizilankhula monong'ona chifukwa chiyani?