Amalawi a ku Joni, tidzale ndiwo zathu

Abale ndi alongo amene tili kuno ku Joni, pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Ambiri mwa ife timagwira ntchito ya m'gadeni. Lolemba mpaka Loweruka timatchetcha kapinga, kudulira maluwa ndi kuthirira mitengo ya mabwana ku Sandton, Randburg ndi Fourways, ndipo mbiri yathu ndi yabwino moti ena pofuna wantchito amachita kutchula kuti akufuna Mmalawi. Koma madzulo tikatsika tekisi ku Diepsloot, Cosmo City kapena Rosettenville, timaima pamsewu n'kugula kampukutu ka sipinachi kofota kale. Anthu odziwa nthaka ngati ife! Zimandipweteka kwambiri.

Ndikudziwa kuti ena muti malo ali kuti, popeza tikukhala m'tizipinda takuseri, pabwalo ponse simenti yokhayokha. N'zoona. Komatu ndiwo zamasamba sizifuna munda wa ekala. Chidebe chakale cha malita 20 choboola kunsi chimakwana mpiru wa banja. Mbatata imene yaphukira m'khitchini musataye, ikwirireni m'thumba la dothi, muzithyola kholowa mpaka kutopa. Njere za dzungu lomwe mwagula n'zokwanira kukupatsani nkhwani, ndipo dzungu likapeza mpanda limayanga lokha osapempha malo. Bonongwe ndi chisoso ndiye zimamera zokha, ndipo kuntchito timauzidwa kuti tizule n'kutaya ngati udzu wamba. Kungopempha eni nyumba mwaulemu kakona kamodzi, ambiri sakana, makamaka mukawagawirako.

Chofunika n'kudziwa nyengo ya kuno, chifukwa siyofanana ndi ya kumudzi. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene timaiona yozizira. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chowaula mbewu, moti nkhwani, kholowa ndi khwanya zimada usiku umodzi wokha. Zimenezi dzalani chisanu chikatha, cha kumapeto kwa Seputembala, mvula n'kudzazipeza mu Okutobala. Nthawi yozizira ndi ya mpiru, repu, chayinizi, kabichi ndi anyezi. Chinangwa chokha musavutike nacho, chimadana ndi chisanu. Kumbukiraninso kuti mvula ya kuno imakonda kubwera masana ndi matalala amene amang'amba masamba m'kanthawi kochepa, choncho kaneti kamthunzi pamwamba pa zidebe kamapulumutsa zambiri.

Nanga mfutso tinauiwaliranji? Mu Malichi ndi Epulo masamba amachuluka, mpweya wa kuno n'ngouma, dzuwa lilipo. Kufutsa nkhwani ndi chitambe monga ankachitira agogo athu kungatidyetse mpaka Ogasiti.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Mzinda uno unamangidwa pa golide amene anapezeka mu 1886, ndipo milu yachikasu ija timaiona kufupi ndi Riverlea ndi mbali zina za Soweto ndi zotsalira za m'migodi. Fumbi lake lili ndi zinthu zapoizoni monga uranium ndi arsenic, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imaliuluzira m'makomo. Ngati mukukhala pafupi ndi milu imeneyi, musadzale pansi, gwiritsani zidebe ndi dothi lochokera kwina losakaniza ndi kompositi, ndipo muzitsuka masamba bwinobwino. Bonongwe wa m'mphepete mwa mtsinje wa Jukskei kapena pafupi ndi mapaipi a zonyansa musathyole, ngakhale aoneke wonona chotani.

Za madzi ndisachulutse. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi mzinda umaletsa kuthirira ndi payipi pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Thirirani m'bandakucha kapena dzuwa litalowa, ndi madzi otsukira mpunga kapena amene mwatchera padenga.

Chimene chikundikankha kwenikweni ndi ana athu obadwira kuno. Mwana akukula akuganiza kuti ndiwo ndi soseji ndi mapazi a nkhuku basi, akafika kwa agogo ake ku Mangochi kapena ku Mzimba n'kumakankha mbale ya nkhwani wotendera. Mwanayo salakwa, sanauonepo ukusadzulidwa. Muloleni athyole yekha, asadzule, aone mayi ake akuthira tomato ndi nsinjiro, nsima ili pamoto. Ndalama imene ikanapita ku ndiwo za tsiku lililonse ikhozanso kuwonjezera pa zimene timatumiza kumudzi, ndipo mwezi umene ganyu wasowa, mphika suuma.

Amayi ndi abambo amene muli ndi mbewu ya luni, chitambe kapena therere, chonde musaumire. Bwerani nayo ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku msonkhano wa gulu lathu la maliro, tigawane Seputembala asanafike.