Petro mwiniwake anadzitcha "mkulu mnzanu"

A mlembi, mwalemba kuti mawu a pa Mateyu 16:18, amene Yesu anauza Petro, onena za thanthwe limene adzamangapo Mpingo wake, ndi umboni wokwanira woti Papa ali ndi ulamuliro pa Akhristu onse. Ine ndikuona kuti vesi limodzili mwalisenzetsa katundu wolemera kwambiri.

Tapitirirani pang'ono mpaka Mateyu 18:18. Mphamvu yomanga ndi kumasula, imene analonjeza Petro pa Mateyu 16:19, Yesu akuipereka kwa ophunzira onse. Nanga pa Machitidwe 15? Nkhani ya mdulidwe itavuta, atumwi ndi akulu anakumana ku Yerusalemu. Petro analankhula, inde, koma womanga mfundo anali Yakobo, ndipo kalata yopita ku Antiokeya inatuluka m'dzina la atumwi ndi akulu, osati la Petro yekha. Ku Antiokeya komweko Paulo anamudzudzula Petro pamaso pa onse chifukwa chosiya kudya ndi anthu amitundu ina (Agalatiya 2:11-14).

Abale athu Akatolika amayankha kuti kusalakwa kwa Papa kumakhudza chiphunzitso, osati khalidwe. Pamenepo ndikuwamva. Komabe mfundoyi anaikhazikitsa mu 1870, pa Msonkhano Woyamba wa Vatican, patapita zaka zoposa 1,800 atumwi atayamba kulalikira.

Chondikhudza kwambiri ndi 1 Petro 5. Munthu amene akuti anali Papa woyamba akudzitcha "mkulu mnzanu", akuletsa akulu kuchita ufumu pa nkhosa, ndipo dzina loti Mbusa Wamkulu akulisiyira Khristu.