Kuchotsa ndende pa mlandu woipitsa mbiri ndi theka chabe la ntchito

Amene akukondwera kuti mayiko akufafaniza lamulo lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake akondwere ndithu, inenso ndili mbali yawo. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'choti ambiri akumva ngati tsopano pakamwa pamasulidwa kotheratu, pomwe amene amafuna kutseka anzawo pakamwa angosintha njira.

Ghana idachotsa lamuloli mu 2001. Mu 2012, khoti la ku Burkina Faso lidagamula kuti Lohé Issa Konaté, mkonzi wa nyuzipepala ya L'Ouragan, akakhale kundende miyezi 12 ndipo nyuzipepala yake itsekedwe miyezi 6 chifukwa cha nkhani zokhudza woimira boma pa milandu. Iye adakadandaula ku khoti la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha, ndipo mu Disembala 2014 khotilo lidati chilango cha ndende pa mlandu wotere n'chopyola muyezo. Makhoti a ku Zimbabwe, ku Kenya mu 2017 ndi ku Lesotho mu 2018 adayenda njira yomweyo. Zambia idachotsa mlandu wonyoza pulezidenti mu 2022, ndipo mu Julayi 2025 khoti la ku Malawi lidati gawo 200 la malamulo a milandu yaupandu, lokhudza kuipitsa mbiri, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Chomwe chachoka ndi wapolisi ndi unyolo. Mlandu wofuna chipukuta misozi ulipobe, ndipo m'mayiko otsata malamulo ochokera ku England umapendekera kwa wodandaula. Iye amangosonyeza kuti mawuwo adafika kwa munthu wina kupatula iye mwini, kuti akuloza iyeyo, komanso kuti amam'tsitsa pamaso pa anthu olingalira bwino. Kusatchula dzina sikupulumutsa. Mukalemba za "mkulu wa zachuma pa kampani ina ya mabasi" ndipo owerenga n'kum'zindikira, mwam'tchula. Wodandaula akasonyeza zimenezi, katundu yense amagwera inu: khoti limayamba ndi kuganiza kuti mawuwo ndi abodza, ndipo inu ndi amene musonyeze kuti ndi oona.

Apa ndi pomwe olemba ambiri amagwera. Kudziwa kuti chinthu n'choona ndi kwina, kuchitsimikiza pamaso pa woweruza ndi kwinanso. Amene adakutsinani khutu koma adati musam'tchule sadzaima m'khoti. Chomwe chimaima ndi chikalata chomwe mungafotokoze gwero lake, mawu ojambulidwa, ndi mboni yolola kulumbira. Ngati mukuteteza nkhani ponena kuti inali yokomera anthu onse, woweruza adzafunsa zomwe mudachita musanasindikize: mudam'funsa wonenedwayo? Mudam'fotokozera mfundo zenizeni zomwe mukum'nenera, kapena mudangoti "tikufuna ndemanga yanu"? Mudam'patsa nthawi yokwanira? Yankho lake mudalilemba mosapotoza? Uthenga wotumizidwa mphindi 20 nkhani isanatuluke suoneka ngati kufunsa. Sungani mafunsowo, nthawi yomwe adatumizidwa ndi yankho, chifukwa mlandu ukhoza kudzamvedwa patapita zaka.

Chitetezo cha maganizo nachonso anthu amachimva theka. Kuyamba chiganizo ndi "m'maganizo anga" sikusandutsa chinenezo kukhala ganizo. Kunena kuti nduna yalephera ntchito chifukwa msewu womwe idalonjeza sudamangidwe ndi ganizo, ndipo mfundo yomwe laimapo ili poyera. Kunena kuti nduna idaba ndalama za msewuwo ndi chinenezo chofuna umboni. "Akuti" ndi "zikumveka kuti" sizitchinjiriza munthu, pakuti wobwereza bodza lamulo limam'tenga ngati walinena yekha. Chimodzimodzi kusheya. Ku South Africa mu 2013, khoti lidalamula mwamuna kulipira limodzi ndi mkazi wake R40,000 pa mawu omwe adalemba mkaziyo pa Facebook: mwamunayo adangotchulidwapo, adadziwa, ndipo sadadzichotsepo. Ku Australia mu 2021, khoti lalikulu lidati makampani ofalitsa nkhani amawerengedwa ngati ofalitsa ndemanga zomwe anthu ena alemba pa masamba awo a Facebook. Oyendetsa masamba ndi magulu alingalirepo. Kufufuta positi kumachepetsa chilonda, koma amene adaijambula ali nayo kale.

Sindikunena kuti lamulo loteteza mbiri lithe. Bodza limaphwanya maukwati, limachotsetsa anthu ntchito, limagwetsa malonda. Ngakhale ku America, komwe kuyambira pa mlandu wa Sullivan mu 1964 munthu waudindo amayenera kusonyeza kuti wolemba adadziwa kuti ndi bodza kapena sadalabadire n'komwe, wailesi ya kanema ya Fox News idavomera kulipira kampani ya Dominion, yopanga makina ovotera, $787.5 miliyoni mu Epulo 2023 pa mabodza a chisankho. Apo lamulo lidagwira ntchito yake.

Vuto ndi milandu yosumira kutopetsa. Wosumayo sasamala zopambana. Akudziwa kuti kulipira loya zaka zitatu kumamaliza nyuzipepala yaying'ono chigamulo chisanafike. Daphne Caruana Galizia, mtolankhani wa ku Malta, adaphedwa ndi bomba mu Okutobala 2017 ali ndi milandu yoposa 40 yom'sumira kuti adaipitsa mbiri, ndipo ina idatsalira banja lake. Mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo mu 2024 lolola woweruza kutaya msanga mlandu wopanda maziko ndi kulipiritsa wosumayo ndalama zomwe mnzake wawononga. Khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa lidavomereza mu 2022 kuti wosumiridwa angadziteteze ponena kuti mlanduwo ndi wongozunzira. England, m'lamulo lake la 2013, imafuna kuti wodandaula asonyeze kuti mbiri yake yawonongeka kwambiri, ndipo ngati ndi kampani, asonyeze kuti yataya ndalama. Dziko lochotsa ndende koma osaika zotchinga zotere langosamutsa chikwapu kuchoka m'manja mwa wapolisi kupita m'manja mwa wolemera.

Ndipo wapolisiyo sadapite kutali. Malamulo ambiri a milandu ya pa intaneti ali ndi gawo loletsa "uthenga wokhumudwitsa" kapena "wosautsa", mawu otambasuka moti chilichonse chingalowemo. Nigeria idagwiritsa ntchito gawo 24 la lamulo lake la 2015 kumanga atolankhani, khoti la ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, lidalitsutsa mu 2020, ndipo lidasinthidwa mu 2024. Ku Uganda khoti lidafafaniza gawo 25 la lamulo la makompyuta mu Januwale 2023. Komwe magawo otere adakalipo, munthu angathe kugona m'chitokosi Lachisanu mpaka Lolemba, foni ndi kompyuta n'kulandidwa, mlandu n'kuzimirira wosamvedwa. Chilango amakhala walandira kale.

Njira ina yomwe sikambidwa mokwanira ndi ya umwini wa zolemba ndi zithunzi. Lamulo la ku America la 1998, lomwe makampani ngati Google ndi YouTube amatsata, limawateteza akachotsa msanga chinthu chomwe wina wati n'chake. Anthu ofuna kubisa nkhani adaphunzira machenjera: amakopera nkhani yanu, kuiika pa tsamba lawo ndi deti lakale, kenaka n'kudandaula kuti mwawabera. Nkhani imachoka woweruza asanaione. Mungathe kutsutsa, ndipo kampani imaibwezeretsa pakati pa masiku 10 ndi 14 ogwira ntchito ngati wodandaulayo sadapite kukhoti. Koma potsutsapo mumapereka dzina ndi keyala yanu, zomwe zimatumizidwa kwa yemweyo amene mumam'lemba, ndipo nkhani ya chisankho ikasowa milungu iwiri yafa. Choncho sungani zolemba zoyamba, zithunzi monga zidatulukira mu kamera, ndi kope losungidwa ku Internet Archive, tsamba losunga makope a masamba a pa intaneti, tsiku lomwe mwasindikiza.

Komanso tisadzipatse mlandu tokha. Mfundo za nkhani zilibe mwini, aliyense angalembe kuti mlatho wagwa, koma ziganizo za mtolankhani ndi chithunzi cha wojambula zili ndi mwini kuyambira pomwe zapangidwa, popanda kulembetsa. Kulemba dzina la mwini pansi pa chithunzi si chilolezo. Mu 2013 khoti la ku New York lidapatsa wojambula Daniel Morel $1.2 miliyoni chifukwa makampani ofalitsa nkhani ndi zithunzi a AFP ndi Getty adafalitsa zithunzi zake za chivomezi cha ku Haiti zomwe zidatengedwa pa Twitter. Tsamba lomwe ladzaza zithunzi za eni ndi losavuta kuligwetsa: pa YouTube madandaulo atatu osathetsedwa ndi okwanira kutseka tchanelo chonse, pamodzi ndi nkhani zofufuza zomwe zidalimo, ndipo amene mudam'lemba safunikanso kutsutsa liwu ndi limodzi lomwe la zomwe mudanena.