Mapaipi a ku Salima ndi abwino, koma nanga Dzalanyama?

Mwalemba kuti kukoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima ndiko kudzathetse vuto la madzi ku Lilongwe. Sindikukana, koma mwaiwala Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, umachokera m'nkhalango imeneyo. Mitengo yake ikuthera m'matumba a makala amene timagula ndife tomwe a m'tauni, inenso ndimaphikira omwewo, ndisaname. Mitengo ikatha dothi limakokoloka n'kukakwirira damu. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno la National Water Resources Authority, ndiye bwanji simunawafunse zimene akuchita kumeneko? Komanso madzi a ku Salimawo adzafunika magetsi owapopa kukwera mtunda wonsewo, magetsi odalira Shire yemweyo amene matope akuvutitsa ku Nkula.