Msampha wa nankafumbwe wa kanjedza sugwira bwino popanda nyambo monga nzimbe

Nkhani yanu ya msampha wa anankafumbwe oononga mitengo ya kanjedza mwailemba bwino, koma pomwe mwati feromoni (fungo limene tizilomboti timatulutsa poitanana) ndiye amagwira ntchito yonse pa msampha, pamenepo ndakana. Feromoni payekha amakoka anankafumbwe ochepa. Amakoka zenizeni akaphatikizana ndi fungo la chomera chimene chayamba kusasa, monga zidutswa za nzimbe, zipatso za kanjedza kapena chinanazi. Ku Saudi Arabia amaponya zipatso za kanjedza m'ndowa ya madzi, pamene ku Costa Rica, m'minda ya kanjedza wa mafuta, nyambo yake ndi nzimbe. Zikamasasa zimatulutsa fungo la mowa ndi la mankhwala onunkhira ngati zipatso otchedwa ethyl acetate, ndipo kachilomboka kamaona ngati kapeza mtengo wovulala woikiramo mazira. N'chifukwa chake mtengo wosadzidwa mosasamala ndi umene umayamba kugwidwa.

Chovuta ndi kusamala nyamboyo. Ikauma fungo limatha, ndiye imafuna kusintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Komanso msampha osaupachika pamtengo wabwino ayi, kumeneko n'kuitanira mdani pakhomo.

Zandikumbutsa agogo anga, ankang'amba thunthu la nthochi n'kuligoneka pansi m'munda, pakapita masiku angapo n'kumakatola anankafumbwe a nthochi atabisala kunsi kwake.